Wonenepa Pakati pa Njala

Lolemba, 3 Okutobala 1949

Kwa Maganga. Dzuwa lowamba. Ndapitanso kusiteshoni kukakwera pa sikelo ya katundu, kupumira pansi pa mtengo uliwonse panjira. Mwana wanga Jameson ndiye amayeza matumba kumeneko. Anadikira anzake apite kukadya kuti asandiseke. Mapaundi 212. Mwezi watha anali 209. Anayeza kawiri, osandiyang'ana kumaso.

Miyezi itatu tsopano chindiuzireni dokotala wachizungu uja kuti kubanika kwangaku ndi mafuta. A Fanuel, omuthandizira, ndiwo ankamasulira: chepetsani kudya, apo ayi mtima udzaima. Ndinamvera. Ufa ndimayeza ndi chitini cha mkaka, chimodzi patsiku, chosasefukira. Nsinjiro ayi. Shuga ayi. Mpunga ndinaiwala kukoma kwake. Nanga atatu owonjezerawa achokera kuti?

Zaka 57, wamasiye, mzamba wa midzi yonseyi. Kulira pa sikelo ya thonje ngati kamwana.

Lachisanu, 14 Okutobala

M'mawa madzi otentha. Masana theka la chitini, chigwada chamchere wokha, tiusipa tisanu. Madzulo theka linalo.

Hajara, mnzanga wachisilamu wogulitsa nsomba, anabwera ndi chambo chowamba. Ndinamubwezera. Zinamuwawa. "Riziki, chopatsa Mulungu, sathamangitsa pakhomo, aNambewe, makamaka chaka chino." Fungo lake latsala m'nyumba mpaka pano.

Nkhokwe za anthu zauma. Akummwera akutsika sitima ndi nsalu, mbale, makasu, kusinthanitsa ndi chinangwa. Onse ngati bango. Ndikadutsa, maso awo ali pamimba panga.

Lamlungu, 30 Okutobala

Diresi la kutchalitchi lakana kulowa. Ndinangofunda nsalu ziwiri. Pabenchi amayi anasuntha, koma osati kusuntha kopatsa munthu malo.

Potuluka wina kumbuyo kwanga anati enafe tikutha, ena akufufuma, kaya amadya chiyani. Mnzake anayankha kuti mzamba sasowa ndiwo. Ndinamva chimene amatanthauza. Makanda awiri amwalira mwezi uno, onse ndinawalandira ndine. Amayi awo mawere anauma, ndi njala imeneyo, aliyense akudziwa. Koma njala ilibe nkhope yoti ailoze chala. Ine ndili nayo, yaikulu.

Kuyambira mawa chitini chisamadzaze. Ndalemba mzere ndi msomali pakati pa theka ndi kukamwa kwake. Ndikangowonda pang'ono, pakamwa pawo patsekeka.

Lachitatu, 9 Novembala

Mapaundi 216.

Jameson anandifunsa motsitsa mawu ngati pali chimene ndimadya mobisa. Mwana wobala ndekha. Ndinamuuza abwere akaweruka. Ndinamutsegulira nkhokwe, ndinavundukula mitsuko, ndinanyamula ndi mphasa yomwe. Chimanga chotsalacho ndinagawa, chambiri apite nacho kwa mkazi wake Dorothy, kutsidya kwa dambo. Ali ndi pakati, koma timanja ngati timitengo ta mpanda.

Anasenza, napita. Kupepesa ayi.

Lachiwiri, 22 Novembala

Mwana wabadwa kwa a Masiye, kuseri kwa nyumba yangayi. Sanandiitane. Anakatenga mzamba wa mudzi wina. Nthungululu ndinazimva ndili pakhonde, manja pamiyendo. Mayi wa khandalo ndinamulandira ndine, mchombo ndinadula ndine.

Masana chizungulire pobwera kuchitsime. Mtsuko wasweka. Atsikana anaima patali kuonerera, wondidzutsa panalibe. Makolo awo anawauza kale.

Kugona chagada sindingathenso, mpweya umathawa. Ndimagona chokhala, msana kukhoma. Ambuye, ndichotsenso chiyani? Tiusipa tatsala tiwiri. Ndikaona mango aawisi amene ana akuphika, malovu amadzadza m'kamwa, ndimatembenuka. Ndachita zonse zimene anandiuza. Zonse.

Lolemba, 5 Disembala

Jameson wabwera ndi mawu a apongozi ake, amayi a Dorothy. Nthawi ikakwana ndisadzapiteko. Akuti Dorothy akundiopa. Ankayankhula uku akukanda pansi ndi chala chakuphazi. Ndinangoti ndamva, uwapatse moni.

Mdzukulu wanga woyamba. Ndinali nditasoka kale kansalu komulandirira.

Lero sindinadye kanthu. Dzulonso ayi. Tione amene atope msanga, ine kapena thupili. Mapazi ngati mitondo. Khungu likuwala ngati ndadzola mafuta. Kusiteshoni sindingafikenso, ndipo ndikuopa chimene sikelo inganene.

Loweruka, 17 Disembala

Ndalephera kulemba masiku onsewa. Lachinayi Hajara anandipeza ndili gone pansi pakhomo. Iye ndi amuna ake a Sidiki anapempha ngolo, anandifikitsa kuchipatala. Mzungu uja anasamutsidwa kalekale, a Fanuel ali okha.

Anadina chala pamwendo panga. Panatsala dzenje, osabwerera. Anadina mwendo winawo, chimodzimodzi. Anamvetsera pachifuwa nthawi yaitali. Kenako anakweza nsalu yanga paphewa, nandionetsa mkono wanga womwe. Khungu ndi fupa. Miyezi yonseyi ndimayang'ana mimba ndi miyendo basi.

"Amayi, awa si mafuta, ndi madzi. Mtima watopa, ndipo njala mwadzipatsayi yaonjezera."

Ndinafunsa ngati ndichira. Anayamba kulongosola za mankhwala, za kusiya mchere, kudya nsomba ndi nyemba zikapezeka, kukhala miyendo ili pamwamba, osayenda mtunda. Funso langa analidumpha. Ndakhala mzamba nthawi yaitali, kudumpha koteroko ndimakudziwa.

Ndinawapempha chinthu chimodzi: akanene zomwezo mokweza pakhonde, pamene amayi ankadikira. Anachita manyazi, koma ananena. Ena anawerama. Wina ananong'ona kuti a Fanuel ndi mbale wanga. Si mbale wanga.

Lachitatu, 28 Disembala

Mvula yokhayokha. Anthu ali kuminda ndi mimba zopanda kanthu, ine pamphasa, miyendo pa mtondo. Chimanga changa sichinadzalidwe.

Hajara amabwera akatha kupemphera masana, ndi phala ndi nsomba yopanda mchere. Amandiyang'anira mpaka nditamaliza. Mimba inaiwala ntchito yake, ndimadya ngati mwana wongosiya bere. Pa Khrisimasi, tsiku losakhala lake, ndiye yekha anandiyendera. Akumpingo ayi.

Mkwiyo umandigwira mwadzidzidzi. Munthu anandiyang'ana kamodzi, osandikhudza n'komwe, ine n'kumumvera miyezi isanu ngati mawu a m'Buku. Ndipo ndinkanyadira kupirira kwanga! Nthawi zina mantha okhaokha. Sindikufuna kufa anthu akundiyesa wodya ana.

Jameson sanabwere. Nkhani yamveka mpaka kutali ku Khombedza, iye angalephere kuimva?

Lachisanu, 6 Januwale 1950

Jameson ali panja ndi njinga yobwereka, matope mpaka m'maondo. Dorothy matenda anamuyamba dzulo m'mawa. Mwana wapingasa, dzanja ndilo latsogola. Mzamba wakwawo wanena kuti zamukanika, ndipo msewu wa kuchipatala madzi adula. Amutuma ndi amayi a Dorothy eni akewo.

Anagwada pakhomo, n'kuyamba kunena kuti ndinalakwa amayi. Ndamuuza aimirire, za kulakwa tidzakamba mkazi wake akapulumuka.

A Fanuel anati osayenda. Hajara watsekereza pakhomo, akuti wallahi ndikafera m'dambo. Mwina akunena zoona. Koma mwana wopingasa ndinatembenuzapo, ndipo kuno kulibe wina amene anachitapo zimenezo. Zala zanga sizinatupe. Ndazipinda, ndazitambasula, zikumvera.

Hajara wagonja. Akundikulunga mapazi ndi nsanza uku akulira, akuti apita nane, azindigwira kumbuyo. Ndadya phala lonse, osayeza. Njinga ikakana kundinyamula, andikoke.

Mpweya ukuchepa ngakhale ndili chikhalire. Ambuye, mundibwereke mtimawu mpaka madzulo okha. Akakhala wamkazi ndikanakonda amutche...