Fungo la M'paipi ya Kumanzere

Lolemba, 9 Okutobala

Tanyamuka m'mawa pa thiraki ya kampani, ine ndi alamu, amuna a mlongo wanga. Katundu matumba a simenti. Ulendo wa sabata, kusinthana chiwongolero monga mwa masiku onse: wina akuyendetsa, wina wagona pabedi la kumbuyo.

Eyakoni yoziziritsa m'thiraki yayambanso kuvuta. Mphepo ikutuluka ngati munthu wodwala akupuma. Ndiye fungo! Ngati nsanza yokolopera yoiwalika m'ndowa. Ndadya buledi nditatulutsa mutu pawindo.

Akapitawo pageti anati, "Ikakhala yafa yokha, kampani ikonza. Ikakhala ya manja a munthu, munthuyo atsanzike." Ananena akutokosa m'mano.

Lachiwiri, 10 Okutobala

Dzuwa loswa mtengo. Malaya amamatira kumsana.

Ndayang'ana fyuzi, ndi yabwino. Lamba ali bwino. Sefa ndaichotsa, ndaikuntha pa tayala. Fumbi, nthenga, mphemvu ziwiri zouma. Ndabwezera. Palibe chasintha. Kumbali ya dalaivala mphepo ikubwerako pang'ono, kumanzere zii.

Madzi akudontha pansi pa dashibodi. Kapeti yanyowa, ikununkha payokha.

Alamu sakuthandiza. Angokhala, akumwa madzi botolo ndi botolo, kenako "imani pang'ono". Taima kasanu. Timapepala ta maswiti mbwee pansi. Bambo wa ana atatu!

Lachitatu, 11 Okutobala

Kwa makaniko wa pamsewu, uja amamutcha Magasi. Sanayang'ane n'komwe. "Gasi watha, bwana." Kwa iye chilichonse ndi gasi, ngakhale tayala litaphulika. Wathira. Yapita ndalama ya chakudya cha masiku awiri, ya m'thumba mwanga, ndipo lisiti alibe.

Yazizira pang'ono, kenako fani kulira kokhakokha. Titaima padzuwa, madzi khuthu pa nsapato zanga. Ndiye kuti mkatimo mukuundana ayisi. Mphepo ikusowa potulukira.

Ndinati titsegule dashibodi. Alamu anakwiya. "Alamu, inu ndinu makaniko? Mukathyola kanthu mulipira ndi chiyani, ndevuzo?" Ndinangoseka. Sindidziwa kukangana.

Madzulo thiraki inatsetserekera kumbali. Ndinadzidzimuka pabedi, miyala ikuwomba pansi. Alamu pachiwongolero thukuta kamukamu, akusenda switi ndi mano. Akuti anazemba galu. Galuyo sindinamuone.

Lachisanu, 13 Okutobala

Dzulo sindinalembe. Mseru.

Titatsitsa simenti, alamu anapita kukasamba. Ndinatenga sikuludiraiva. Zomangira za kumanzere zinali zofewa, mitu yake yodyeka. Pamatsegulidwa kawirikawiri pamenepa.

Paipi yopita kumanzere yozulidwa, yongobwezeredwa ndi tepi. Ndinapisa dzanja. Chinthu chonyowa, choterera. Ndinakoka.

Sokosi. Yaubweya, yakuda, nkhungu yobiriwira mpaka kuchidendene. Ndiye takhala tikupuma imeneyi mwezi wonse. Ndinalavula, kulavulanso.

Mkati mwa sokosi, timabotolo tiwiri ta mankhwala ndi majakisoni m'kapepala ka pulasitiki.

Anandipeza nditazigwira. Thaulo paphewa, sopo m'manja. Anakhala pa sitepe. Akuti ndi shuga, wa jakisoni, chaka chachiwiri tsopano. Mankhwalawo safuna kutentha. M'bokosi la zakumwa sangaikemo, alonda a pageti amatsegula. Ndiye anapeza pozizira pamene maso safika. Amatsegula tikaima, ine ndikagona.

"Akadziwa a kampani andichotsa pa msewu, alamu. Ana aja mudyetsa ndinu?"

Ndinafunsa za galu uja. Anayang'ana sopo.

Loweruka, 14 Okutobala

Paipi ndabwezera bwinobwino. Kapaipi kotayira madzi ndakatokosa ndi waya, kunatuluka matope akuda ngati a m'ngalande. Kapeti ndachapa, ndayanika pa thanki. Sokosi ndaitaya ndi kamtengo.

Eyakoni ikuzizira mpaka m'makutu. Gasi wa Magasi anali wa chabe.

Ndagula fulasiki ya kukamwa kwakukulu, ndaikamo ayisi wokulunga m'kansalu. Mankhwala ali m'menemo. Ndalama ina yapitanso imeneyo.

Chiwongolero sindinawapatse. Ndayendetsa ndekha tsiku lonse, maso ngati muli mchenga. Iwo ayesa nthabwala, ayesa wailesi. Pabedi paja sindingagonepo. Ndikangotseka maso ndikumva miyala ija.

Chisoni chilipo. Koma ndikakumbuka kuti ankandiona ndikukuntha sefa padzuwa, ndikulipira Magasi, iwo phee, akutafuna switi, ndimazimitsa wailesi yawoyo.

Lamulungu, 15 Okutobala

Tafika. Thiraki ilowa m'galaja ya kampani mawa.

Ndinaganiza kuti akapitawo ndiwauza za sefa ndi matope basi. Koma mlongo wanga yekha adziwe, awakakamize amuna ake kupita kwa dokotala wa kampani. Madalaivala ena a shuga kampani inawaika ku sitolo ya zipangizo. Malipiro ochepa, koma amagona kunyumba.

Ndinamupeza akusita mayunifolomu a ana. Ndinayamba mozungulira, kuopa kumudzidzimutsa. Nditafika pa za sokosi, sanaimitse n'komwe simbi.

"Mwaitaya? Achimwene, sokosi ija inali yatsopano. Ndinasankha yaubweya dala kuti mabotolo asasweke."

Ndinakhala pansi.

Akudziwa kuyambira tsiku loyamba. Ndi iyenso anapempha kuti amuna ake aziyenda ndi ine, chaka chatha, ine n'kumati ndi chikondi cha pachibale. "Ndinadziwa kuti chikachitika chinthu, inu simungawasiye. Komanso inu simulankhula."

Anandithirira tiyi. Sindinamwe. Kapu inkanunkha sokosi, kapena ndi mphuno zanga.

Lolemba, 16 Okutobala

Sindinagone. Mayi a kunyumba anafunsa chavuta n'chiyani, ndinati kutopa. Mwana wathu wamng'ono anagona atagwira chala changa.

Ndasamba kawiri. Fungo likadali m'zikhadabo.

Alamu ndawapeza pageti, fulasiki ili m'jekete, akumwetulira alonda. Ndawakokera pambali. Ndawauza motsitsa mawu kuti akalowe okha kwa akapitawo belu loyambira ntchito lisanalire, akapemphe dokotala. Likalira asanalowe, ndilowa ine. Anati, "Alamu, mwayamba liti kulankhula?" Ndinati lero.

Ndakhala pa benchi ya galaja, kope pabondo. Ulendo wina Lachinayi, msewu wa zitunda, ndipo ndi iwo oyamba kuyendetsa.

Aima pakhomo la ofesi. Sakugogoda. Akundiyang'ana ngati ndiseka.

Belu lalira. Ndikuvala chipewa