Fisi wa Miyendo Itatu ndi Chinkhoswe cha Tadala

Amayi anga, kodi kumene muliko mukupeza bwanji? Ndikhulupirira kuti miyendo ija inasiya kutupa, ndipo tulo mukutipeza. Kuno tilipo, kungoti ine ndatopa. Ndangoweruka kumene, jombo ndavula, mapazi ndaviika m'beseni la madzi ofunda pakhonde, ndiye ndati ndikuuzeni zimene zachitika chichokereni inu.

Ndiyambe ndi zabwino. Mkazi wa achimwene a Lameki anachira bwinobwino, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Kali ndi mphuno yanu yomwe ija, ndipo kakayamba kulira sikamva za munthu. Mbatatesi ya m'munda wakumtunda inachita bwino, koma yakumunsi inagwidwa chiwawu masamba onse n'kupserera. Chimanga ndiye chochepa, mvula inadula chikungoyamba kumasula. Nkhuku zanu zinatha ndi chitopa, yatsala yamawangamawanga ija munkati ndi yamwano. Denga la khitchini yanu linasasuka ndi mphepo, achimwene akuti afolera udzu ukauma.

Ine ndikadali Kwa Anyani, monga anthu amatchulira malo athu ano osungirako nyama zakutchire zimene zalandidwa kwa ozigulitsa kapena zapezeka zitavulala. Antchito tatsala awiri okha, ine ndi a Mbewe. Anzathu aja anachoka, ndipo abwana kutauniko amangoti tipirire, anthu ena abwera. Kukacha ndimayamba ndi khola la anyani: kukokolola ndowe ndi fosholo, kuthira madzi, kukwecha simenti, uku iwo akundikoka duku pa waya. Ndikachoka apo ndidule kabichi ndi matimati otsala amene a Mbewe amakatola ku Lizulu, ndisakanize ndi gaga, ndigawire apusi ndi agwape. Madzi timatunga pa mjigo n'kukankha pa wilibala chokwera mtunda. Nungu wayamba kukumba pansi pa mpanda, ndiye tsiku lililonse ndimakwirira dzenje limene iye mawa lake afukulanso. Nsato yokha ndiyo ili ndi chisoni ndi ine, ikadya imangogona osafunsa kanthu.

Nyama sizidziwa Sabata, amayi, sizidziwanso maliro. Tsiku lotsatira titakuikani ndinali kale m'khola ndi tsache, maso ali otupa. Msana tsopano umandiwawa moti ndikawerama ndimadzuka pogwira waya. Ana asukulu akabwera pa basi amagenda apusi ndi timiyala, ine ndikaletsa amandiseka kuti ndikununkha. Ndimakumbuka mmene munkandilandirira ndikabwera kumudzi: "Elube, moni pambuyo, kasambe kaye, walowa ndi khola lonse m'nyumba." Koma madzi osambawo munkakhala mutandiikira kale pamoto.

Nkhani imene yanditopetsa kwenikweni ndi ya Natsimphi. Mukumukumbuka, fisi uja anabwera mwendo wakutsogolo utadulidwa ndi waya wa msampha? Tsiku limene munabwera kudzandiona munaima patali mutatseka mphuno ndi chitenje, kenaka munaseka: "Chimene anthu amachiopa chija ndi ichi? Chikungokhala ngati galu wodwala." Wakalamba tsopano. Mano atha, diso limodzi lachita ng'ala. Nyama ndimamudulira tizidutswa, mafupa ndimamuphwanyira ndi hamala. Akamva kulira kwa ndowa amatsimphina mpaka pa waya n'kumadzikhula pamenepo kuti ndimukande kuseri kwa khutu ndi kamtengo.

Inu mutangopita, afisi a m'phiri anayamba kugwira mbuzi m'mudzi mwathu. Yoyamba inali ya a Nangozo, kenaka makola ena. Zimenezi zimachitika chaka ndi chaka, inunso mukudziwa. Koma ulendo uno wina anati anaona mapazi a fisi wa miyendo itatu padothi pafupi ndi khola la mbuzi. Basi, nkhani inayaka. Akuti ndimamutsegulira Natsimphi anthu akagona, akuti ndimamukwera mpaka kumudzi. Amuna anga, bambo a Tadala, anatisiya kale, inunso mwatsatira, ndiye anthu angolumikiza okha. Ndikafika pa mjigo akazi amasiya nkhani. Kutchalitchi benchi imene ndakhala imakhala ndi malo ambiri, pamene kwina akuthithikana. Muli moyo palibe amene akanayerekeza. Munkawayankha pomwepo, ndowa ili pamutu: "Mwana wanga amadya thukuta lake. Amene akufuna kudziwa zimene amachita akamuthandize kukolopa." Ine pakamwa ngati panu ndilibe. Ndimangotunga madzi n'kumapita.

Zikanakhala za ine ndekha ndikanapirira. Koma zakhudza mdzukulu wanu Tadala. Pali mnyamata wa ku Tsangano, dzina lake Yamikani, amanyamula mbatatesi pa njinga yamoto kupita nayo ku Lizulu. Ndi waulemu, samwa, ndipo akamalankhula ndi munthu wamkulu amavula chipewa. Amalume ake anabwera kwa achimwene a Lameki kudzafunsira mbeta, zonse zinayenda bwino, tinangotsala kupangana tsiku la chinkhoswe. Kenaka mphekesera zija zinakwera phiri n'kukawapeza. Anatumiza mawu akuti tidikire kaye.

Achimwene anati njira yabwino ndi yakuti amalumewo abwere adzaone okha. Anabweradi, atavala jekete, ndodo m'manja. Ndinawaonetsa khola: pansi simenti, waya mpaka pamwamba, maloko pachitseko, makiyi ake amagona kwa a Mbewe osati kwa ine. Natsimphi anali ataothera dzuwa, ntchentche zili pamaso. Atatimva anayesa kudzuka, n'kugwa chammbali, n'kuyesanso. Amalume aja anamuyang'ana nthawi yaitali, ine mumtima n'kumati zatheka. Kenaka anatembenukira kwa achimwene, ine osandiyang'ana n'komwe.

"Zinthu izi masana zimadziwa kudzichepetsa," anatero. "Mayiwa akasiya ntchito imeneyi, tidzakambirana."

Tiyi amene ndinawaphikira anazizira pa tebulo.

Ndinaganiza zosiya, amayi, sindikubisirani. Ndipotu mbali ina ya mtima inakondwa, poti thupi lakhala likupempha kupuma. Avetenale atabwera kudzaona gwape wotsekula m'mimba ndinawafunsa kuti ine nditachoka Natsimphi zimuthera bwanji. Anati a Mbewe okha sangathe makola onsewa, komanso palibe malo ena angalandire fisi wokalamba wopanda mano. "Tingomubaya jakisoni agone, mayi, samva kuwawa," anatero akutsuka m'manja. Ndinapita kukaima pa waya paja. Iye anabwera monga mwa masiku onse, n'kupereka khutu.

Ndinamuuza Tadala kuti ndasankha iye, ntchito ndisiya. Anali akuchapa, ndipo sanadzutse mutu.

"Mukasiya adzati mwavomera," anatero. "Ndiye ine ndikakalowa m'banja limenelo ndizikatchedwa mwana wa mfiti yovomera yokha. Musasiye, amayi."

Analankhula molimba ngati inu. Koma atapita kukayanika zovala kuseri kwa bafa ndinamumva akulira, akudzitseka pakamwa kuti ndisamve. Sindinapiteko.

Ngati zimenezo sizinakwane, wabutchala wa ku Kandeu amene ankatisungira mafupa ndi mapapo anandikaniza. Anandikokera pambali n'kunena motsitsa kuti, "Mayi, musandide, makasitomala akudandaula akakuonani pano." Ndinabwerera ndowa ili gwaa. Natsimphi anakhala masiku akudya mitu ya nkhuku ndi matumbo amene a Mbewe ankapempha kwa okazinga tchipisi. Nthiti zinayamba kuonekera. Ankanunkhiza ndowa n'kundiyang'ana ndi diso lake limodzi lija, ine n'kuyang'ana kumbali.

Ndiye dzana m'mawa ndikukwirira dzenje la nungu ndinamva njinga yamoto pageti. Anali Yamikani. Kumbuyo anamanga thumba, magazi akudontha mpaka kunyowetsa buluku lake. Anavula chipewa n'kunjuta.

"Amayi, ndamva kuti agogo aja alibe ndiwo. Ndawatengera mafupa ndi mapapo ku Lizulu."

Ndinangomufunsa ngati amalume ake akudziwa kuti ali kuno.

"Ndawauza. Koma maganizo sanasinthe. Mwina sasintha n'komwe. Ndapita kwa amalume aang'ono kuwapempha kuti aimire iwo pachinkhoswe, akuti aganiza kaye."

Anapempha kuti amuone Natsimphi. Pofika pakhola mwanayo anali akufinya chipewa m'manja. Anandiuza kuti chibadwire fisi amangomumva kulira m'phiri, ndipo ali mwana ankawauza kuti ukamuyang'ana m'maso umasanduka chitsiru. Koma anatenga hamala m'manja mwanga, nagwada pa simenti, n'kuyamba kuphwanya mafupa. Asanafike pakati fungo linamugonjetsa. Anathamangira kuseri kwa khola la apusi n'kusanza zonse zimene anadya m'mawa, apusi akumukuwiza pamwamba. Ndinati basi, ameneyu sitimuonanso. Anatsuka mkamwa pa ndowa, n'kubwerera, n'kutolanso hamala ija mpaka anamaliza thumba lonse. Natsimphi anadya mpaka kunyambita simenti.

Pokwera njinga anati, "Loweruka lililonse ndizibweretsa. Mumuuze Tadala kuti ine ndilipo."

A Mbewe, amene tsiku lonse salankhula kupatula kutukwana anyani, anamuyang'ana akutuluka pageti n'kunena kuti, "Mayi, ameneyu musamutaye."

Za chinkhoswe sindikudziwa kuti zitha bwanji. Mbuzi zikugwidwabe kumudzi, anthu akunenabe, ndipo mawa kukacha ndowe za anyani zikundidikira. Koma Tadala nditamuuza za kusanza kuja anaseka mpaka kukhala pansi, kuseka koyamba chichitikireni zonsezi, ndipo madzulo ake anadya n'kuwonjezera.

Madzi a m'beseni azizira, ndilekere pano. Mupereke moni kwa bambo a Tadala ngati mumaonana, muwauze kuti mwana wawo wakula. Mvula isanagwe ndibwera kudzalambula pamanda panu, ndipo sindibwera ndekha. Kaya amalume ake alola kaya akana, mnyamatayu ndidzamuimika pamaso panu kuti mumudziwe.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Elube