Anatibera Mkwatibwi Tikudya

Achemwali anga a Nabanda,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Ine ndilipo, maondo okha ndi amene sakugwirizana ndi kuzizira kwa kuno.

Ukwati wa mwana wanu Tadala ndi mnyamata wake wa ku Romania uja unachitika Loweruka kuno kunja, m'dera lotchedwa Finglas. Tili mkati mwa kudya, ndinangoona pampando wa mkwatibwi palibe munthu. Ine nkhoswe, ndikanakuuzani chiyani? Ndinati tiimbire apolisi.

Bambo a mkwati anandigwira mkono akuseka. "Khalani pansi, anzake a mkwati amuba. Kwathu ndi mwambo."

Kuti amubweze, mkwati anachita kuimba nyimbo pagulu, mawu ake osakoma n'komwe. Tadala analowa akuseka, ali bwinobwino.

Ine mutu sunakhazikikebe. Mundifunsireko kwa akuluakulu kumeneko: akuba akakhala akuchimuna omwewo, nkhoswe imakadandaula kwa yani?

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu,
Gamaliyele