Aphunzitseni Bambo kudya nsomba

Okondedwa achemwali Sagal,

Mtendere ukhale nanu. Kodi muli bwanji kumeneko, pamodzi ndi alamu ndi ana? Nanga bondo la Bambo lija likuwalola kutsata ngamila? Ine ndili bwino, kungoti dzuwa la ku Bosaso kuno landiwamba ndithu.

Tauniyi ikukula ngati yathiridwa manyowa. Pabwalo paja tinkagonekapo mbuzi podikira sitima pamera masitolo ndi mzikiti. Nyumba yanga inali yomalizira, lero ndikamalondolera munthu ndimati afike pakati penipeni. Padoko ntchito ndi yosayamba, tikukweza mbuzi zopita ku Arabiya mpaka msana kuchita kulira.

Tsopano khalani pansi. Ndapeza mbeta. Dzina lake ndi Ubah, amagulitsa tiyi pageti la doko, ndipo ndimamukonda, sindibisa ayi. Vuto ndi loti bambo ake, a Bile, ndi msodzi.

Mukudziwa mmene ife akuziweto timanyansidwira ndi nsomba. Mwezi watha amalume Shire atabwera kudzagulitsa mbuzi, ndinawatenga kuti akangoonekera kwawo kwa mtsikanayo. Anatiyalira mkeka, n'kubweretsa mpunga ndi chinsomba chachikulu ngati mwana wa mbuzi. Amalume anakokera nsalu yakumutu pamphuno, n'kufunsa ngati m'nyumbamo mwafera kanthu. Kenaka anati iwo sadya njoka za m'madzi, awapatse mkaka. Achemwali, manyazi ake! Ubah anakalirira kukhitchini. Nkhani kuno sigona, pano ana a m'dera lonse akandiona amagwira mphuno.

A Bile sanakalipe. Potiperekeza anangondikokera pambali n'kunena kuti, “Mwana ukumufunayu wakula ndi nsomba. Wokana mbale yanga wakana mwana wanga. Abwere bambo ako, tidzaone.”

Ndiye pempho langa nali. Bambo anavomera kubwera chikatha chikondwerero cha Idi kudzandifunsirira. Ndakutumizirani nsomba zouma pa lole ya Guled. Muzisinje, muzithirako pang'ono mumsuzi wa Bambo, mawa lake n'kuonjezera, mpaka mphuno izolowere. Akafunsa za fungo, nenani kuti ndi zokometsera zachilendo zochokera kudoko, si bodzanso limenelo. Zimatheka. Ineyo poyamba ndinkameza nditatsinzina, lero ndimatsopa ndi mutu womwe.

Chonde musazitenge mwanthabwala, ngakhale ndikudziwa kuti mukuseka kale. Kuli mnyamata wina wa boti lakelake amene akumwa tiyi pagetipo kangapo patsiku, ndipo ludzu limenelo sindikulikhulupirira.

Moni kwa Bambo, alamu, azakhali ndi ana onse. Amalume Shire muwapatsenso moni, koma paulendowu atsale, ngamila zikufuna munthu wanzeru ngati iwowo.

Bambo akadzangomeza kamodzi osakwinya nkhope, mwapeza mlamu. Akadzagwira mphuno, mundiyalire mkeka kumeneko ndikubwera, chifukwa kuno ngakhale amphaka apadoko adzandiseka.

Ndine mlongo wanu wosowa tulo,
Warsame