Mphaka Wanga Si Mfiti

Amake Given,

Ndapita ku Chipata ndi mphaka, ndamuika m'katoni. Musandidikire masana.

M'mawa muno, inu muli kumunda, nkhalamba ya mphakayi yaiwalanso khomo lathu. Yakakhala pakhonde la aneba athu a Luckson n'kumalira ngati khanda, maso ali kukhoma. Mkazi wawo mukudziwa ali ndi pakati. Basi a Luckson atuluka ndi mpini, akuti mphakayu ndimachita kumutuma, ndiye amandikokera makasitomala kushopu!

Ine? Ine amene ndinayamba ndi njinga imodzi mpaka kufika ku Dar, ku Joni ndi ku Dubai? Kumeneko mphaka akakalamba amakhala ndi dokotala wakewake! Wathuyu amaiwala kuti wadya kale, ndipo dzulo khoswe anamudyera m'mbale iye akungoyang'ana. Ufiti wake ndi uti?

A Luckson alumbira kuti akamuonanso amupha. Ndikufuna dokotala wa ziweto alembe matenda akewa, adindepo chidindo, ndidzawawerengere ndekha Lamlungu potuluka m'tchalitchi. A Luckson akabwera musawayankhe, mkanganowu ndi wanga.

Pepani, mphakayu wakodzeranso chitenje chanu chatsopano, ndachiviika m'beseni. Mudzakalipire ine, mwini wake waiwala kale.

Atate a Given