Dzina la a Basilio m'buku la ubatizo

Lolemba, 9 Junyu 2025

Chisanu. Zélia, mwana wanga, wabwera ndi ntchito ya kusukulu: alembe makolo athu mpaka agogo a agogo. Ine ndathera pa agogo a Pita basi. Rui, mnzanga wa ku sekeretariya, wandionetsa tsamba la pa intaneti lokhala ndi zithunzi za mabuku akale a ubatizo. Ulere, bola ukhale ndi mega za intaneti.

Lachitatu, 11 Junyu

Nthawi ya nkhomaliro yonse maso pa telefoni. Zolemba za ansembe, zopendekera, inki yofufuma. Bambo anga ndawapeza, 1961. Azakhali a Antónia, 1964. Ndinasangalala ngati mwana. Bwenzi nditalekera pomwepo.

Lachinayi, 12 Junyu

Ndabwerera m'mbuyo masamba angapo. 1957. Basilio, mwana wa Pita Chakondwa ndi Fátima. Mudzi wathu womwewo, ku Domwe.

Ndawerenga kanayi.

Ndiye kuti malemu a Basilio anali bambo anga aakulu enieni. Olinda mwana wawo, mlongo wanga. Olinda yemwe tinamulanda dimba la agogo chaka cha dzana, tikuti bambo ake anali mwana wobwera ndi mayi. Kalata yomuchotsa ndinalemba ndine. Pa makina a kuntchito, Chipwitikizi chosalala. Ndinanyada nayo.

Sindinadye.

Lamulungu, 15 Junyu

Misa ku Fonte Boa. Potuluka ndawaonetsa azakhali chithunzicho. Sanadabwe n'komwe. Akuti: "Fufuta zimenezo, mwanawe. Akufa safuna dimba." Ankadziwa. Zaka zonsezi.

Koma ndisawakankhire okha. Ine ndinafunsa ndani? Ndinkafuna madzi a m'dimba muja, mbatatesi kawiri pa chaka.

Lachiwiri, 17 Junyu

Zélia wafunsa ngati a Basilio awalembe. Ndati dikira. Wandiyang'ana nthawi yaitali. Mayi ake akuti ndayamba kuyankhula ndekha.

Loweruka, 21 Junyu

Chapa ya m'mawa, minibasi, kupita ku Domwe. Pepala la ubatizo lija ndasindikiza, lili m'thumba la malaya.

Olinda ndamupeza kumsika, akusankha mbatatesi za eni ake, ganyu. Waonda. Manja ong'aluka ndi chisanu. Anandilonjera bwinobwino, "achimwene", ngati kale. Zimenezo ndiye zinandipweteka.

Ndinatulutsa pepala. Sanalilandire. Anapukuta manja pa chitenje nati: "Mpaka telefoni ikuuzeni, achimwene? Mphuno iyi simunkaiona?"

Mphuno ya agogo. Yanga yomwe.

Ndinati dimba libwerera. Iye: "Lili ndi mbewu zanu. Kumbani kaye." N'kuwerama, kupitiriza kusankha. Mawu oti pepani anali pakamwa pomwepa. Ndinaima, ndinaima, mpaka wogula wina anandipempha kuti ndipatuke.

Lolemba, 23 Junyu

Sindikumba. Mbatatesizo Olinda akumbe yekha, ndi zake. Azakhali amva kale, aimba kasanu, sindinayankhe. Kalata ina ndayamba, ya m'Chinyanja, pamanja. "Mlongo wanga Olinda," kenako mawu aja amene anandikanika kumsika.