Mwendo Umene Analemba Ntchito

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Bulawayoko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Chimwankhunda onse ali bwino, kupatula mwendo wanga wamanja.

Loweruka titatha kusewera mpira ku Limbe, aphunzitsi a timu ya kuntchito anati aliyense ayambe wadziwongola thupi lisanazizire. A Fole, goloboyi wathu wa imvi uja, anakhala pa kapinga n'kumakoka miyendo. Ine ndinawaseka kuti, "Madala, mukusambira pouma?" n'kuthamangira kukakwera basi. M'mawa mwake ntchafu inali gwa. Lachiwiri pokonzekera masewero ena, mnofu unang'ambika. A Fole akudumphabe.

Dzulo ndinalowa mu ofesi ndikutsimphina. Bwana sanandiyang'ane kumaso. Anangoti, "Makalaliki ndili nawo ambiri. Ine ndinalemba ntchito mwendowo." Andipatsa milungu itatu yokha kuti ndichire, ndipo mukudziwa kuti nyumba tikukhalayi ndi ya kampani.

Chonde, achimwene, nditumizireni mankhwala opaka aja anakuchiritsani bondo. Mupatsire aliyense amene ayambe kubwera kuno. Amayi musawauze. Masiku ano ndimadziwongola m'mawa ndi madzulo, koma mwendo wamanzere wokha.

Ambuye akusungeni, ndipo mutikumbukire m'mapemphero.

Ndine mng'ono wanu,
Layisoni